Funsani Amalume: Ndiswaipe kapena nditulutse kashi?

Makalata a mwezi uno afanana mutu ngati munachita kupangana. Wina walemba ali ku Johannesburg, wina ku Lilongwe, wina ku Zomba, wina ku Leeds, kuphatikizapo madala ena a ku Mchinji amene kalata yawo awalembera ndi mdzukulu. Onse akufunsa za kalipiridwe ka zinthu za tsiku ndi tsiku: khadi, foni kapena ndalama zapamanja. Mayina ndabisa monga mwa masiku onse, ndipo makalata ena ndawadula pang'ono poti malo ndi ochepa.

*Amalume,*
*Ndine mnyamata wa ku Mangochi, ndimayendetsa galimoto ya kampani kuno ku Johannesburg ndipo mapepala anga ndi olongosoka. Malipiro amalowera ku banki. Mwezi watha a banki anandiimbira foni kuti ndayenerera kulandira credit card yoti ndingagulire zinthu mpaka R15,000. Akuti ndikamagulira zakudya ndi mafuta ndizipeza mapointi, ndiponso kwa masiku 55 palibe chiwongola dzanja. Akazi anga akukanitsitsa. Iwo akuti ndalama ndi imene waigwira m'manja, ndipo khadi limeneli likalowa m'nyumba iwo atuluka. Koma kuno kuyenda ndi kashi n'koopsa, mnzanga anamulanda malipiro onse akutsika takisi. Akulondola ndani?*
*Dalaivala, Johannesburg*

Achimwene, akazi anu asalongedze kaye katundu, koma inunso musathamangire kusaina. Mwamanga mtolo umodzi nkhani ziwiri zosiyana. Yoyamba ndi yakuti muziyenda ndi ndalama m'thumba kapena ayi. Yachiwiri ndi yakuti muzidya ndalama yanu kapena ya banki. Yoyambayo inatha kale, chifukwa khadi limene mumatapira malipiro, lija amati debit card, limagula m'sitolo ndi pa filing'i bwinobwino, ndipo likabedwa mumaimba foni n'kulitseketsa. Choncho achifwamba a pa siteji ya takisi si chifukwa chotengera khadi la ngongole.

Kumudzi tinazolowera kabuku ka pa golosale. Umatenga shuga, sopo ndi mafuta ophikira, mwini golosale n'kumalemba, mwezi ukatha n'kukabweza. Khadi la ngongole ndi kabuku komweko, kungoti mwini wake sadziwa mayi anu, sabwera ku maliro a kwanu, ndipo mukachedwa sakukalipirani n'komwe. Amangowonjezera chiwongola dzanja mwakachetechete, n'kukuthokozani pokhala kasitomala wabwino.

Masiku 55 amene anakuuzaniwo alipodi, koma mawu ake onse amati "mpaka masiku 55". Banki imatseka buku lanu tsiku limodzi pamwezi, n'kukupatsani masabata atatu ndi masiku angapo kuti mulipire. Chimene mwagula buku litangotsegulidwa ndiye chimapeza masiku onse 55. Chimene mwagula dzulo lake la kutseka chimangopeza masiku a kulipira okhawo. Ndipo ulere umenewu uli ndi lamulo lake: muyenera kulipira ngongole yonse ya pa sitetimenti, osasiyako ngakhale R50. Mukalipira theka, chiwongola dzanja chimayamba kuyenda, ndipo kawirikawiri zimene mugule mwezi wotsatira nazonso zimayamba kuwerengedwa kuyambira tsiku logula. Mukatapa ndalama pa ATM ndi khadi limeneli ndiye palibiretu ulere: chiwongola dzanja chimayamba tsiku lomwelo, pamwamba pake n'kukudulaninso chaji. Za mafuta a galimoto mufunsitsitse, chifukwa pali makhadi ena kumeneko amene sawerengera mafuta pa masiku aulerewo.

Pa sitetimenti mudzaona manambala awiri. Ina ndi ngongole yonse, ina ndi kandalama kochepa kamene banki imati mukapereka kameneko simunalakwe. Anthu ambiri amagwera pa kachiwirika. Tiyeni tiwerengere limodzi, mongoyerekeza. Tinene kuti mwagulira zinthu za R10,000 ndipo chiwongola dzanja ndi 20 peresenti pachaka. Mwezi woyamba chiwongola dzanja chokha ndi pafupifupi R167. Mukamapereka R300 pamwezi, ndiye kuti pa ngongole yeniyeniyo mwachotsapo R133 yokha. Mukapitiriza choncho, osagulanso kanthu ndi khadilo, mudzamaliza patatha zaka zinayi ndipo mudzakhala mutapereka pafupifupi R14,700. Mukamapereka R1,000 pamwezi, ngongole yomweyo imatha m'miyezi 11 ndipo chiwongola dzanja chimangopitirira pang'ono R1,000. Masamu amenewa sindinaikemo chaji ya pamwezi yosungira khadi, ndalama yotsegulira akaunti, kapena inshulansi imene mabanki ena amaphatikizamo.

20 peresentiyo sindinaitole m'mwamba. Ku South Africa kuli lamulo la National Credit Act la 2005, ndipo malire a chiwongola dzanja cha makhadi a ngongole ndi repo rate (chiwongola dzanja chimene banki yaikulu ya dzikolo imaika pobwereketsa mabanki ena) kuwonjezerapo 14 peresenti. Repo rate itafika pa 8.25 peresenti mu 2023, malirewo anali 22.25 peresenti. Lamulo lomweli limakakamiza banki kufufuza ngati mungathedi kubweza isanakukongozeni, ndipo limakupatsani ufulu woona mbiri yanu ya ngongole kwaulere kamodzi pachaka. Koma banki ikamafufuza imaona malipiro anu, lendi ndi ngongole zolembedwa. Siona za feteleza wa amayi anu, fizi ya mng'ono wanu, kapena foni ya usiku yonena kuti kumudzi kwagwa zovuta ndipo bokosi likudikira inu.

Pamenepa m'pamene ineyo ndimaopera anyamata athu a ku Joni. Vuto si buledi ndi nkhuku za m'sitolo ayi. Vuto ndi lakuti mtima ukadziwa kuti pali R15,000 imene ingatuluke nthawi iliyonse, umayamba kuiona ngati ndalama yosunga. Pempho la kumudzi limene kale mukanayankha kuti "dikirani mwezi uthe" mudzaliyankha ndi khadi, ndipo mudzachita kutapa kashi, njira yodula kuposa zonse. Miyezi itatu isanathe mudzapeza kuti malipiro akalowa akukatseka dzenje la khadi, kenako zakudya za mweziwo mukugulanso ndi khadi lomwelo chifukwa m'akaunti mulibe kanthu. Amene walowa m'bwalo limeneli amalipira chiwongola dzanja pa nsima imene anadya kalekale.

Za mapointi musatengeke nazo. Sitolo iliyonse imene yalandira khadi imadulidwa kandalama pa malonda amenewo, ndipo banki imakubwezerani kachidutswa ka zimenezo kuti muziswaipa kawirikawiri. Kwa munthu wolipira ngongole yonse mwezi ndi mwezi, timapointi timeneti ndi phindu ndithu. Kwa wolipira theka, chiwongola dzanja cha mwezi umodzi chikhoza kumeza mapointi a miyezi yambiri. Ndipo pa kauntala akamakufunsani kuti "straight or budget", dziwani kuti straight ndi kuika ndalama yonse pa sitetimenti ikubwerayo, pomwe budget ndi kugawa ngongoleyo miyezi ingapo, ndipo ili ndi chiwongola dzanja chake. Firiji ikhoza kupita kumeneko ngati mwawerengera bwino. Matumba a ufa ayi.

Musadzimvenso kuti banki yakulemekezani pokuimbirani foni. Malonda amenewa anayamba choncho. Mu 1958 Bank of America inatumiza makhadi pafupifupi 60,000 kwa anthu a mumzinda wa Fresno ku California amene sanapemphe n'komwe, ndipo khadi limenelo ndi limene linadzasanduka Visa mu 1976. Kuyambira kale ndi banki imene imasakasaka wokongola.

Nanga mutani? Tayang'anani miyezi isanu ndi umodzi yapitayi. Ngati mwezi uliwonse unkatha muli ndi kotsala m'akaunti, khadilo mukhoza kulitenga, ndipo lingakuthandizeni kukhala ndi mbiri yabwino tsiku limene mudzafune ngongole ya galimoto yanuyanu. Koma muwauze atsitse malire afike pa R3,000, musainire kuti banki izidzidulira yokha ngongole yonse malipiro akangolowa, ndipo sitetimenti muziiwerengera limodzi ndi mayi a kunyumba. Ngati miyezi ina munkafika pa 25 mukubwereka kwa anzanu, akazi anu akulondola, ndipo mukawauze kuti Amalume avomereza. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. R15,000 imeneyo sinafike ngakhale pachala.

*Amalume,*
*Ndine mphunzitsi wa ku pulayimale kuno ku Lilongwe. Kale malipiro akalowa ndinkatapa zonse n'kugawa: za lendi, za chimanga, za makala, za minibasi. Chaka chino ndayamba kuswaipa m'masitolo akuluakulu ndi kulipira pa foni chifukwa mizere ya pa ATM yanditopetsa. Koma ndalama ikumatha pa 15, pomwe kale inkafika pa 25. Kodi banki ikundibera? Komanso mwana wanga akuti khadi langali ndi credit card poti linalembedwa Visa. Ndiye kuti ndili pa ngongole osadziwa?*
*Mphunzitsi, Area 25*

Aphunzitsi, mtima ukhale m'malo. Dzina la Visa kapena Mastercard limangosonyeza msewu umene ndalama imadutsa pochoka ku banki yanu kupita kwa wogulitsa. Makhadi ambiri amene Amalawi tili nawo m'zikwama ndi otapira ndalama yathu yomwe, ndipo m'akaunti mukauma makina amangokana. Makhadi a ngongole alipo muno, koma ndi ochepa, ndipo munthu salandira mosadziwa: umachita kufunsira, kusaina mapepala ndi kuuzidwa malire. Tembenuzani khadi lanulo, mwina mupeza palembedwa debit.

Za kuberedwa, pemphani sitetimenti ya miyezi itatu, mukhale nayo pansi ndi cholembera chofiira chija mumachongera ana. Lembani padera machaji onse: a pamwezi, a mauthenga a pa foni, a kusamutsa ndalama kuchoka ku banki kupita ku Airtel Money kapena Mpamba, a kutapa kwa ejenti. Mukapeza chimene simukuchidziwa, kafunseni ku nthambi yanu, ndipo akapanda kukuthandizani, Reserve Bank of Malawi imalandira madandaulo a makasitomala a mabanki. Koma ndikukayika ngati machaji okha angadye masiku khumi a mwezi.

Akudya masiku anuwo ndi awiri. Woyamba tonse tikumudziwa. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo miyezi yambiri ya 2024 mitengo inkakwera ndi zoposa 30 peresenti pachaka. Ngakhale mukanapitiriza kutapa kashi, 25 uja sakanafikika monga kale.

Wachiwiri ndi amene ine ndinamuonera pafupi. Ndinagwira ntchito zaka zambiri pa kauntala ya sitolo ya holoselo ku Limbe, ndipo munthu wolipira kashi ndinkamudziwa ndi nkhope. Amawerenga kawiri, kunyowetsa chala, kuyang'ana katundu, kenako n'kunena kuti "katoni imodzi ya sopoyo ibwerere". Ndalama ikamachoka m'manja imapweteka, ndipo kupwetekako ndi kumene kumabweza katoni. Woswaipa samva kanthu. K8,000 ndi K80,000 zonse ndi manambala anayi achinsinsi omwewo. Akatswiri awiri a pa yunivesite ya MIT ku America, Drazen Prelec ndi Duncan Simester, anayesa zimenezi pogulitsa pa okushoni matikiti a masewera a timu ya Boston Celtics. Amene anauzidwa kuti alipira ndi khadi la ngongole analonjeza mitengo pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi amene anauzidwa kuti alipira kashi. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2001. Iwo ankayesa khadi la ngongole, koma ine ndimaona kuti khadi lililonse, ngakhale foni, limachepetsa ululu womwewo. Onjezanipo kuti kuswaipa kwakuchotsani mu msika wa Nsungwi, kumene mumanenerera mtengo wa tomato ndi kupempha basela, n'kukulowetsani m'sitolo mmene mtengo sukambidwa ndipo yogati amakhala akukuyang'anani pafupi ndi potulukira.

Ine sindikuti mubwerere ku mizere. Zinthu zimene mtengo wake ndi wodziwika, monga lendi, fizi, mayunitsi a magetsi ndi madzi, lipirani pa foni kapena ku banki tsiku lomwe malipiro alowa. Pamenepo umboni umatsala, ndipo alandilodi sangadzakane kuti simunapereke. Za ndiwo, makala, chigayo ndi minibasi, tapani kamodzi pa sabata, ndalama yokwanira sabata imeneyo basi, chifukwa kutapa pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku ndi kumene kumachulukitsa machaji. Ku sitolo yaikulu pitani ndi kapepala kolemba zogula, ndipo khadi lilipire zimene zili pa kapepalako.

*Amalume,*
*Ndili ndi golosale ku Chinamwali. Makasitomala ambiri masiku ano akufuna kulipira pa foni, ena akufunsa makina oswaipira. Ine ndikalandira pa foni ndimaluza pokatapa, ndiye ndimawauza kuti awonjezere ya chaji, koma ena amakwiya n'kupita kwa mnzanga. Komanso netiweki ikavuta mzere umangoima. Kodi ndilakwa ndikalemba pakhomo kuti "kashi yokha"?*
*Wa golosale, Zomba*

Bambo, chikwangwani chimenecho musalembe. Choyamba, boma linalowera kale kwina: mu 2019 kunatuluka malamulo ofuna kuti mabizinesi okhala ndi ziphaso akhale ndi njira yolandirira ndalama pa makina kapena pa foni. Chachiwiri, mwadzionera nokha kumene makasitomala anu akupita.

Mukuluza chifukwa mukulandirira malonda pa nambala yanu ya munthu wamba, kenako n'kuthamangira kwa ejenti madzulo alionse. Pitani ku kampani ya foniyo mukalembetse nambala ya bizinesi, mufunse machaji ake, muyerekeze ndi zimene mukudulidwa panopa. Ndiyeno lekani kutapa chilichonse chimene chalowa. Kumene mumapikula katundu ambiri amalandira pa foni kapena ku banki, ndiye ndalama ipite komweko osasanduka mapepala. Chaji imaluma kwambiri pamene ndalama ikusintha maonekedwe, kuchoka pa foni kukhala kashi, kuchoka pa kashi kubwerera pa foni.

Makina oswaipira amachokera ku banki, ndipo banki imadula kandalama pa malonda alionse. Kandalama kameneko n'ka wogulitsa, monga lendi ndi magetsi, ndipo malo ake ndi mu mtengo wa katundu, osati pamwamba pa lisiti ya kasitomala. Ngati ambiri mwa makasitomala anu ndi ogula machesi ndi buledi mmodzi, makinawo mwina sangakupindulireni. Ngati muli ndi antchito a boma ndi ophunzira a ku koleji ogula za mwezi wonse, kafunseni. Masiku ano makina a banki imodzi amalandira makhadi a mabanki ena, chifukwa mabanki analumikizana kudzera mu National Switch imene inayamba kugwira ntchito mu 2015.

Musaiwale kuti kashi nayo ili ndi machaji ake, kungoti salembedwa. Ndalama yachinyengo imene mnyamata wanu walandira madzulo magetsi atazima, K2,000 imene yasowa m'diloo popanda wodziwa, ulendo wa ku banki, ndi tulo timene simugona ndalama ya sabata yonse ili pansi pa matiresi, zonsezo ndi chaji.

Chenjezo limodzi lokha. Musapereke katundu chifukwa munthu wakuonetsani uthenga pa foni yake. Mauthenga abodza amapangika mosavuta. Yang'anani pa foni yanu, muone kuti ndalama yalowadi. Netiweki ikavuta, katundu adikire pa kauntala, ndipo diloo ya kashi ikhalebe ndi chenji chokwanira.

*Amalume,*
*Ndinabwera kuno ku Britain kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Chibadwire sindinakongolepo ku banki ndipo ndimanyadira zimenezi. Koma nditafuna kutenga foni ya kontirakiti anandikana, ati ndilibe mbiri ya ngongole. Anzanga akuti nditenge credit card. Zoona munthu wosakongola n'kukhala wokayikitsa? Ndikufunanso kugula tikiti ya ndege yobwera kumudzi pa Khirisimasi.*
*Mlongo wanu, Leeds*

Achemwali, n'zoseketsa koma ndi mmene zilili kumeneko. Makampani monga Experian, Equifax ndi TransUnion amasunga mbiri ya mmene munthu amabwezera ngongole, ndipo amene sanakongolepo tsamba lake limakhala loyera. Wobwereketsa akaona tsamba loyera sanena kuti ndinu wokhulupirika, amangoti sakukudziwani. Mbiri yanu yabwino ya ku Malawi sinakwere nanu ndege.

Inu ndi mmodzi mwa anthu ochepa amene ndingawauze kuti tengani khadilo, chifukwa mantha anu a ngongole ndi amene adzakutetezeni. Tengani la malire ochepa, muzigulira chinthu chimodzi chimene mumagula kale mwezi uliwonse, monga tikiti ya basi, ndipo muike direct debit (chilolezo choti azidula okha ndalama m'akaunti yanu mwezi ndi mwezi) yolipira ngongole yonse, osati kandalama kochepa kaja. Makhadi opatsa anthu ongoyamba kumene amakhala ndi chiwongola dzanja chokwera kwambiri, koma wolipira zonse pa nthawi yake sichimukhudza. Lembetsaninso m'kaundula wa ovota wa dera lanu. Malawi ali mu Commonwealth, ndiye Mmalawi wokhala kumeneko movomerezeka amaloledwa kulembetsa, ndipo makampani a mbiri aja amagwiritsa ntchito kaundulayu potsimikiza kumene munthu amakhala.

Pa tikiti ya ndege, khadi la ngongole lili ndi ubwino umene kashi ilibe. Gawo 75 la lamulo la Consumer Credit Act la 1974 limati mukagula chinthu cha mtengo woposa £100 mpaka £30,000 ndi khadi la ngongole, wogulitsa akalephera kupereka chimene munagula, kampani ya khadiyo nayonso ili ndi mlandu wokubwezerani. Chitetezochi chimagwira bwino mukagula mwachindunji kwa kampani ya ndege, pomwe mukadzera mwa munthu wapakati nkhani imatha kuvuta. Koma sungani kaye ndalama ya tikitiyo yonse, mugule ndi khadi, n'kulipira khadilo sabata yomweyo. Ndipo potumiza ndalama kumudzi musagwiritse ntchito khadi limeneli, chifukwa makampani ambiri a makhadi amakuwerengerani ngati mwatapa kashi.

Mukamabwera, kumbukirani kuti kuno si ku London kumene mabasi anasiya kulandira kashi mu 2014. Wa kabaza ndi mayi wa zitumbuwa pa depoti adzafuna makwacha.

*Amalume,*
*Ine ndine mlimi wa soya ndi mtedza. Ndikagulitsa, ndalama ndimasunga m'nyumba, poti ndimafuna ndiziiona. Adzukulu akuti ndiziika pa foni, koma ine za manambalazi zimandizunguza. China chimene chikundinyansa n'chakuti ndikagula ku sitolo pa boma, m'malo mwa chenji amandipatsa maswiti. Ine mano ndilibe. Ndichite chiyani?*
*Agogo, Mchinji*

Madala, zikomo polemba. Ndalama ya soya isagone m'nyumba miyezi. Akuba ndi moto tiziike pambali, mdani wamkulu ndi mitengo. Ndalama imene mu June ingagule matumba anayi a feteleza, pofika November mwina igula atatu, chikhalirecho ili m'chitini momwemo osakhudzidwa ndi munthu. Pa foni nayonso imaguga chimodzimodzi, kungoti mbala siingaipeze msanga. Ndiye mukangogulitsa, gulirenitu feteleza, mbewu ndi malata amene mukufuna, yotsalayo ndiye muigawe: yodyera milungu iwiri ikhale m'nyumba, ina ipite pa foni kapena ku banki.

Za manambala, sankhani anayi amene simungaiwale koma osakhala chaka chanu chobadwa, ndipo musauze ejenti, musauze woimba foni wonena kuti ndi wa ku kampani, ngakhale atakutchulani dzina ndi mfunda womwe. Mwa adzukuluwo sankhani mmodzi yekha wokuthandizani, ndipo mukapita kwa ejenti muzidina nokha iye atayang'ana kumbali.

Pa nkhani ya maswiti muli ndi ufulu wonse wokana. Ndalama ya dziko lino ndi kwacha ndi tambala kuyambira 1971, ndipo switi sinakhalepo m'gulumo. Vuto ndi lakuti chiyambireni K2,000 mu 2016 ndi K5,000 mu 2022, aliyense amalowa m'sitolo ndi mapepala akuluakulu, pomwe ma K20, ma K50 ndi ma K100 amasowa m'madiloo. Apa m'pamene adzukulu anu apambana, chifukwa wolipira pa foni kapena ndi khadi amapereka ndalama yeniyeni ya pa lisiti ndipo chenji sichikhalapo. Ngati mukufunabe kashi, muzisunga timapepala ting'onoting'ono m'thumba lapadera popita pa boma. Akakupatsaninso maswiti, auzeni mwaulemu kuti akuchotsereni pa mtengo kapena akupatseni machesi kapena mchere. Akaumirira, landirani, muwasunge bwino, ulendo wotsatira mukawaike pa kauntala polipira sopo, muone ngati akawalandire.